Mabuku Awiri a Bambo Mailosi

"Ndati galimoto ikudikira panja, alamu. Mukufuna ndichite kukuimbirani nyimbo kuti mumve?"

A Lois anaima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno. Anali atangofika kumene kuchokera ku Lirangwe pa galimoto ya mwana wawo Mackson, ndipo mpando anaukana, madzi akumwa anawakananso. Pabedi panagona mlongo wawo, a Mailosi, ataonda mpaka mawondo kumaoneka ngati zibakera pansi pa nsalu. Mkazi wa a Mailosi, Elsie, anali atagwada pansi akukhuthula sutikesi kachitatu.

"Ndapota nanu alamu, ndipatseni kanthawi. Bukulo lili m'nyumba momwe muno. Ndikalipeza muwerenga nokha zimene ananena."

"Buku si ili ndanyamulali?" A Lois anakupiza kabuku ka kuchipatala m'mwamba. "Ndaliwerenga lonse. Zilonda za m'mimba, malungo, zilonda za m'mimba. Munthu azigona m'nyumba kudikira imfa chifukwa cha zilonda za m'mimba?"

"Limenelo si lenileni."

"Si lenileni! Munthu mmodzi mabuku awiri?"

Inde, awiri. Ndipo tisanamizane, a Mailosi si oyamba kuno ku Chileka kwa Kuntaja. Matenda akakhala oopsa kapena ochititsa manyazi timagula kabuku kena koonetsa abale, lenilenilo n'kulibisa poti ngakhale khoswe sangalipeze. Timayesa kuchenjera, osaganiza kuti tsiku lofunika bukulo mwina ndi tsiku limene mwini wake sakutha kulankhula.

Chinsinsi chimene Elsie anasunga miyezi isanu ndi umodzi chinangotuluka chokha.

"Ndi khansa, alamu. Ya kummero. Madokotala a ku tauni anatiuza mu Epulo kuti yafalikira, sangachitenso kanthu."

"Khansa?" Mawu a a Lois anakwera. "Khansa mukundiuza lero? Ine wobadwa naye mimba imodzi?"

"Anandiletsa okha. Ankati inu muli ndi BP, mungagwe. Ankati akuuzani okha akapeza mpata."

"Ndiye mpatawo sunapezeke mpaka mawu kutha. Zakuyenderani bwino, eti?"

"Musatero, alamu. Titachoka ku tauni kuja anakhala pansi ndi anesi a Asiyatu pachipatala chathu chaching'onochi. Anesiwo anawafunsa zimene akufuna zidzachitike akadzafooka, n'kulemba zonse m'buku, iwo n'kusayina. Anati kuchipatala chachikulu asadzabwererenso. Anati chubu cha m'mphuno sachifuna. Anati akufuna mankhwala a ululu okha, ali pakhomo pano."

"Munthu wanzeru zake kukana chipatala? Mackson, tabwera udzamve zimene akunena azakhali akowa."

Mackson anasuzumira, chipewa chili m'manja. Anali munthu wamkulu ndithu, wa ana atatu, koma pamaso pa mayi ake ankachepa.

Pabedi a Mailosi anatsegula pakamwa. Mawu anali atawathera masiku anayi apitawo, panangotuluka mpweya. Anakweza dzanja n'kuyamba kudzigogoda pachifuwa chakumanzere, pamwamba pa jekete lawo lakale. Linali jekete la ku bwalo la ndege kumene anakankha ngolo za katundu zaka makumi awiri, ndipo sabata ziwiri zonsezi ankakana kulivula.

"Mwaona?" anatero a Lois. "Akuti mtima ukupweteka. Ndipo inu kutentha konse kwa Okutobala kuno mwamuveka chijekete ngati mlonda. Mukumuphika wamoyo?"

"Amakana okha kuvula." Elsie anadzuka. "Ndipatseni ola limodzi. Anesi analembanso pepala lina losunga kuchipatala. Ndikatenge limenelo."

"Amayi, ola limodzi si kanthu, tiwadikire," anatero Mackson chapansipansi.

A Lois sanayankhe. Elsie anatenga kusayankhako ngati kuvomera, ndipo apo ndi pamene analakwitsa.

Wakabaza anamutsitsa pachipatala chaching'ono dzuwa litakwera. Chitseko cha kachipinda ka odwala matenda okhalitsa chinali chotsegula, koma pampando wa a Asiyatu panakhala kalaliki akudya chinangwa.

"Anesi ali ku maphunziro, mayi. Abwera Lolemba, osati likubwerali, linalo."

"Sindikufuna anesi, achimwene, ndikufuna pepala la amuna anga. Dzina ndi Mailosi Fikirini. Lili m'kabati umo, ndinaona ndi maso anga akuliika."

Kabatiyo inali pomwepo pakona, yachitsulo, yotuwa, loko akulendewera. Elsie akanatambasula dzanja akanaigwira.

"Kiyi anapita naye."

"Palibe wina?"

"Mafayilo amenewo ndi achinsinsi. Kiyi ndi mmodzi."

"Aimbireni foni, chonde. Munthu akutengedwa kunyumba kwanga panopa."

Kalalikiyo anapukuta manja n'kuimbadi, kawiri. Foni inali yothima. Anamuyang'ana Elsie mwachisoni ndithu, sanali munthu woipa.

"Thyolani lokoyo, ndidzayankha ndine."

"Aaa, mayi, mukufuna ntchito indithere? Ngati analemba, analembanso m'buku lawo. Kafufuzeni bwino kunyumba."

Mmene Elsie ankafika pakhomo anapeza matayala okha atadinda pafumbi. Chitseko chinali pululu. Jekete lija linali litatayidwa pakhonde, mkono umodzi utatembenuka, kusonyeza kuti analivula mokakamiza. Pawindo panali botolo la mofini, mankhwala amadzi amene ankawamwetsa maola anayi alionse kuti ululu ugone. Elsie anakhala pansi. Ankadziwa mmene mwamuna wake amabuulira ola la mankhwala likadutsa.

Anatola jekete n'kulikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, anaika botolo m'chikwama, n'kuthamangira kumsewu kukakwera minibasi.

Pageti la wodi ya abambo mlonda anamuimitsa ndi dzanja.

"Wodwala mmodzi, gadiyani mmodzi. A Fikirini gadiyani wawo walembetsa kale, ndi mchemwali wawo."

"Ine ndine mkazi wawo."

"Mudikire nthawi yoona odwala, mayi."

Anadikira. Belu la masana litalira analowa pamodzi ndi khamu la anthu onyamula mabasiketi, napeza dokotala wachitsikana ataima pabedi la a Mailosi akutsegula kabuku kabodza kaja. Elsie anagwada pomwepo pasimenti n'kufotokoza zonse, mawu akuthamangitsana.

Dokotalayo anamvetsera mpaka kumapeto. "Mayi, sindikuti mukunama. Koma chimene ndili nacho m'manja ndi ichi, ndipo muno mulibe khansa, mulibe zimene mukunenazo. Munabwera mu Epulo? Fayilo ya nthawi imeneyo tiifunafuna, koma kumene amasunga mafayilo kumatenga masiku. Bamboyu sakumeza, madzi athamo m'thupi. Achemwali awo akuti tichite chilichonse, inu mukuti tisachite. Iye mwini sakulankhula. Ndimvere ndani?"

"Mumvere iyeyo. Analemba."

"Ndibweretsereni chimene analembacho, ndichitsatira tsiku lomwelo. Popanda chimenecho sindingamusiye munthu osamuthandiza."

"Nanga mankhwala awa?" Elsie anatulutsa botolo.

A Lois analitsomphola asanalifikitse kwa dokotala. "Amenewa ndiye amene akhala akumugoneka mlongo wanga ngati chidakwa. Adokotala, muwayeze bwinobwino amenewa."

"Ndi mofini, ndikumudziwa, ndipo timupatsa wathu," anatero dokotala. Koma anthu a mabedi oyandikana anali atamva kale, ndipo maso onse anali pa Elsie.

Tsiku lachitatu atalowa masana, Elsie anaima chilili pakati pa wodi. Chubu chinali m'mphuno mwa a Mailosi, chomatidwa ndi pulasitala patsaya. Dzanja lamanja linali litamangidwa kuchitsulo cha bedi ndi bandeji. Lamanzere linamangidwa ndi mpango wa a Lois, wobiriwira wa maluwa oyera. Maso a bamboyo anali tong'o, akuyendayenda padenga ngati a mbuzi yomwe yamva mpeni ukunoledwa. Atamuona Elsie, a Mailosi anayamba kukoka manja, zala zikuloza pachifuwa.

"Mayo ine! Wawamanga ndani?"

"Ndine," anatero a Lois. "Wazula chubu kawiri. Anesi anati ndizimugwira manja. Ndigwire usana ndi usiku, ndine chitsulo ine?"

"Amasuleni, alamu. Chimene ankaopa kwambiri ndi chimenechi. Taonani maso awo."

"Ndimumasule azule, afe, inu mupume?"

"Ine ndipume? Zaka makumi atatu ndili nawo bambo a Alinafe. Ndawasambitsa, ndawapukuta, ndawaphikira phala lomwe limabwerera lonse. Ndipume chiyani?"

A Lois anakhala pansi pambali pa bedi. Kwa kanthawi ukali unawachoka, panatsala nkhalamba yotopa, maso ofiira.

"Amayi athu anafera m'nyumba ku Lirangwe ife tikungowayang'ana," anatero motsitsa. "Galimoto kunalibe. Mailosi anali ndi zaka khumi, ndinamulera ndine, kusukulu ndinkamuperekeza ndine. Lero galimoto ilipo, chipatala chilipo, ndiye ndimuyang'anenso ameneyu akupita? Ndikuopa, alamu. Ndatsala naye yekhayu."

"Nanenso ndikuopa. Koma iwo akuopa kuposa tonsefe."

"Bweretsani bukulo."

Elsie anabwerera ku Chileka kawiri sabata imeneyo. Anang'amba matiresi, anakhuthula thumba la chimanga pansi, anapisa dzanja m'mphako zonse za pansi pa malata, anafukula ngakhale pansi pa mtondo. Kulowa ndi kutuluka ankakankha chitseko chija, jekete n'kumagwedera pamsomali kumbuyo kwake. Cha m'ma thu koloko ndege yaikulu inkadutsa pamwamba pa nyumba ikutsikira kubwalo, ndipo iye ankaima n'kulira, chifukwa nthawi imeneyo a Mailosi ankakonda kutulutsidwa pakhonde kuti aione. Ankadziwa ndege iliyonse ndi kulira kwake kokha.

Masiku enawo ankakhala pashedi ya magadiyani kudikira belu. Foni ikangolira mtima unkachita phaa. Mayi aliyense akayamba kulira kumbali ya wodi ya abambo, Elsie ankadzuka n'kuthamangira kugeti kukamvetsera ngati ali mawu a a Lois.

Lolemba lija linafika. Elsie anauza Mackson kuti akupita kukatenga pepala, nakwera minibasi yoyamba. A Asiyatu anali pampando wawo. Atamva nkhaniyo anagwira pakamwa, anatulutsa kiyi m'kachikwama, loko n'kutseguka. Kupeza fayilo ya a Mailosi sikunatenge ngakhale mphindi ziwiri. Masiku khumi ndi limodzi munthu akuzunzika kuwodi, chifukwa cha mphindi ziwiri.

"Ndinawauza bambo aja," anatero a Asiyatu akupanga fotokope. "Ndinati buku ili lizikhala poonekera, ndipo achemwali anu muwaitane tidzakambirane pamodzi. Anati mawa, mawa. Koma nanenso ndalakwa, mayi. Kiyi ameneyu sindinayenera kupita naye. Thamangani, ine ndiimbira kuwodiko."

Minibasi inachedwa pa siteji kudikira kudzaza, inachedwanso pa Kameza. Elsie anafumbata pepala pachifuwa njira yonse. Pageti sanaime, mlonda anachita kumuthamangira kumbuyo.

Pabedi paja panagona bambo wina wonenepa, akumwa tiyi.

Elsie anawapeza a Lois pakhonde la wodi atakhala pansi, miyendo atatambasula, mpango wobiriwira uli pamiyendo.

"Munali kuti?" anafunsa osakweza mutu. "Mwamuna wanu akutsirizika, maso akufunafuna pakhomo, inu muli pa minibasi."

Elsie anatambasula dzanja ndi pepala lija. Sankadziwanso chifukwa chake, dzanja linangopita lokha.

"Chotsani icho. Mapepala a pamakina amapanga aliyense pa Lunzu. Mwadikira afe kuti mubwere nacho?"

Maliro anakaikidwa ku Lirangwe, kwawo kwa malemu. Elsie analira m'nyumba ya siwa amayi atamutalikira, mphasa yake ili ndi malo mbali zonse ziwiri. Manong'onong'o ankawamva bwinobwino. Akuti anamukaniza chipatala chaka chonse. Akuti ankamumwetsa zam'botolo. Akuti khansa yake iti yosalembedwa m'buku. Mawu enawo, aja amayamba ndi kunong'ona n'kuthera pa miyala, palibe anawatchula mokweza, koma Elsie ankawaona akubwera. Atabwerera ku Chileka ankatseka chitseko dzuwa likadali pamwamba, ndipo kumjigo ankapita anthu onse atachokako.

Patatha sabata zitatu a Lois anabwera ndi Mackson kudzatenga zovala za malemu kuti zikagawidwe kwa abale. Mwambo wake zovalazo zimayamba zachapidwa, ndipo a Lois ananeneratu kuti achapa okha.

"Sindikufuna dzanja lina pa zovala za mlongo wanga. Tulutsani zonse, musabise kanthu."

Elsie anatulutsa malaya, mathalauza atatu, suti ya kutchalitchi. A Lois analowa okha kukayendera, ndipo potuluka anakoka chitseko n'kuona jekete pamsomali.

"Ichinso. Olo kuti palibe angachivale."

Anakhala pa chidebe pansi pa mtengo wa mango, beseni lili pakati pa miyendo. Anamiza jeketelo m'madzi n'kuyamba kufikisa. Kenako manja anaima. Anapapasa chakumanzere, pansi pa thumba la pachifuwa. Munali chinthu cholimba, chafulati. Anatembenuza jekete. Nsalu ya mkati inali yosokedwa ndi ulusi wakuda, masokedwe okhotakhota a munthu wosazolowera singano.

Elsie anali pakhonde akuyang'ana. Anakumbukira tsiku limene a Lois anabwera kudzazonda matenda, n'kusesa chipinda chonse mpaka kutembenuza matiresi. Alendo atangopita, a Mailosi anapempha singano ndi ulusi, amvekere batani lathothoka.

A Lois anadula ulusi ndi mano. Munatuluka pepala la pulasitiki la shuga, lokulungidwa kawiri, ndipo mkati mwake munali buku la kuchipatala lakuda ndi manja, louma bwinobwino.

"Mackson, maso anga sakuona. Werenga."

Mackson anatsegula masamba a madokotala a ku tauni, anaona mawu aja a khansa, anayang'ana mayi ake n'kugwedeza mutu. Anafika patsamba lomwe linali ndi chidindo cha chipatala chaching'ono, lolembedwa m'Chichewa ndi dzanja la anesi.

"Ine Mailosi Fikirini ndauzidwa za matenda anga ndipo ndamvetsa. Ndikadzafooka musadzanditengerenso kuchipatala chachikulu. Chubu cha m'mphuno ndakana. Ndikufuna mankhwala a ululu okha, ndili kunyumba, mkazi wanga ali pafupi. Ndikadzalephera kulankhula mudzafunse Elsie. Chimene adzanene, ndanena ndine." Mackson anakweza mutu. "Asayina, amayi. Pansi pali zina, za pensulo. Alembera inu."

"Patse."

A Lois anatenga bukulo n'kulitalikitsa ndi maso. Zilembozo ankazidziwa, anamuphunzitsa okha kugwira pensulo mwana ameneyu. Anawerenga mokweza, liwu limodzilimodzi, ngati mwana wa sukulu.

"Achemwali, ndikulephera kukuuzani pamaso, ndikuopa misozi yanu. Elsie musamude, ndamuletsa ndine. Ku wodi kuja mu Epulo ndinagona moyandikana ndi bambo wina atamangidwa manja kubedi mpaka anafa chomangidwa. Ndimamulota. Elsie ndi wofatsa, sangalimbane ndi anthu. Inu ndinu olimba, palibe amakuposani pakamwa. Zikadzavuta mudzandikanire ndinu. Asadzandimange."

Madzi ankadontha kuchokera ku jekete kugwera m'beseni.

"Pachifuwa paja," anatero a Lois, mawu atasasa. "Ine ndinkati mtima."

"Nanenso ndinkayesa ululu," anayankha Elsie.

"Anali nalo pathupi. Akanafika nalo kwa dokotala. Anakakamira jeketeli ndi manja awiri, alamu, ine n'kumamukalipira kuti ku tauni sangapite ngati wamisala. Ndinamuvula ndine."

Masabata onsewa Elsie ankaganiza kuti tsiku limene buku lidzapezeke adzalankhula mpaka mudzi wonse umve, koma tsopano m'kamwa munalibe mawu. Anatsika pakhonde n'kukakhala pansi pafupi ndi beseni.

Kumwamba kunamveka mkokomo. Ndege ya thu koloko inadutsa pamwamba pa mango, yotsika kwambiri, matayala atatuluka kale. Palibe anakweza mutu.

A Lois anakweza manja onyowa n'kumasula mpango kumutu kwawo. Unali wobiriwira uja, wa maluwa oyera. Anauyala pamiyendo n'kumauyang'ana ngati sanauonepo.

"Ndi uwu," anatero. "Ndinamanga mfundo ziwiri, alamu, kuti asamasule."